Arcade stick: kasankhidwe kake, kagwiridwe kake, ndi chifukwa chimene Hadouken ikukanira kutuluka

Munthu amene wangogula arcade stick, bokosi loseweretsa magemu omenyana lokhala ndi kandodo ndi mabatani akuluakulu, nthawi zambiri amayamba ndi kugonja. Pa pad, kachipangizo kam'manja kozolowereka, ankatulutsa Hadouken, moto umene Ryu wa mu Street Fighter amaponya ndi manja, osaganiza n'komwe, koma lero Ryu akungodumpha, kapena akuponya chibakera atanyonyomala. Apa m'pamene ambiri amayamba kuloza chala chipangizocho, ena n'kuthamangira kugula zida zosinthira mkati, ena n'kuchibweza m'katoni. Koma stick siwonjezera luso, ndipo kawirikawiri sikhala yolakwa. Chimene imachita ndi kugawa ntchito: dzanja lamanzere lonse limayendetsa, ndipo zala zakumanja zimakhala pamwamba pa mabatani onse nthawi imodzi, m'malo mosiyira zonse zala zazikulu ziwiri. Phindu limeneli limabwera pakapita masabata, osati tsiku loyamba. Choncho posankha stick muziyang'ana imene idzakhalitse mpaka manja anu atazolowera, imenenso idzatheke kukonza ikadzatopa.

Funso loyamba si la mtundu wa kandodo kapena kukongola kwa chithunzi cha pamwamba. Funso ndi lakuti: kodi igwira pa makina amene mumaseweretsa? Mkati mwa stick iliyonse muli kabolodi kamene kamalankhula ndi makinawo, ndipo PlayStation ndi Xbox zimafuna kuti kabolodiko kadzizindikiritse. Pa PS4, bolodi imene ilibe chilolezo imagwira bwinobwino kenaka n'kuduka pakatha mphindi 8, masewera ali mkati. Pa PS5 nkhani imadalira gemu: Street Fighter 6 ndi Tekken 8 zimalola stick ya PS4 yovomerezeka, koma si gemu iliyonse imene imatero, ndiye ngati mukugula yatsopano, gulani yolembedwa kuti ndi ya PS5. Microsoft nayo inayamba kutseka zipangizo zosavomerezeka pa Xbox mu Novembala 2023. Kompyuta ndiyo yosavuta, bola stick ikhale ndi XInput, chifukwa magemu ambiri a pa kompyuta amayembekezera chinenero cha pad ya Xbox. Palinso ma stick ngati Mayflash F300 ndi F500 amene amalembedwa kuti amagwira pa makina ambiri, ndipo n'zoona, koma pa ena mwa makinawo amafuna kuti mulumikize pad yeniyeni kapena kachipangizo kapadera kuti kaziwayankhira. Zimatheka, kungoti zingwe zimachuluka.

Kenaka kulemera. Ichi anthu amachinyozera, pomwe ndicho chimasiyanitsa stick yosangalatsa ndi yotopetsa. Mukakankha kandodo mwamphamvu, bokosi lopepuka limatsatira dzanja, ndipo m'malo moti kandodo kafike pamene mukufuna, chinthu chonsecho chimasuntha. Stick yabwino yoika pamiyendo imalemera makilogalamu kuyambira 2 kufika cha m'ma 4, imakhala yotambalala moti imakhazikika pa ntchafu zonse ziwiri, ndipo pansi pake pamakhala mphira kapena siponji yoletsa kuterereka. Pakhalenso malo okwanira pansi pa kandodo ndi mabatani poti manja atsamirepo. Tima stick ting'onoting'ono ngati Hori Fighting Stick Mini timathandiza kulawa chabe. Pa tebulo timayendayenda, pamiyendo timagwera pakati.

Chachitatu, itembenuzeni kapena onani zithunzi za mkati. Imatseguka bwanji? Hori Fighting Stick Alpha ndi Nacon Daija zimatseguka ngati chivundikiro cha sutikesi. Zina zimafuna kumasula timabawuti tapansi, zimene si vuto. Vuto ndi stick imene mabatani ake anawotchereredwa pa bolodi, kapena mabowo ake si a muyezo wodziwika. Imeneyo batani limodzi likafa, yonse yatha. Imene mukufuna ndi ya mabowo a mamilimita 30, mawaya ovula ndi kuvala ndi dzanja, ndi malo omangirapo kandodo ka ku Japan.

Zimene zili pansi pa kampira

Kandodo kotchuka kwambiri ndi Sanwa JLF, kopangidwa ndi kampani ya Sanwa Denshi ya ku Japan. Kanali kale m'makina ambiri a arcade a ku Japan, ndipo kanafalikira m'nyumba za anthu pamene Mad Catz inatulutsa Tournament Edition mu 2009 pamodzi ndi Street Fighter IV. Kapangidwe kake n'kosavuta kumvetsa. Pali mtengo wachitsulo wokhala ndi kampira ka mamilimita 35 pamwamba. Mtengowo umapendekeka pa kambale kapulasitiki kozungulira, ndipo sipuling'i imaubweza pakati. Kumunsi kwake kuli kapulasitiki kotchedwa actuator, kamene kamakankha tiswichi tinayi: m'mwamba, pansi, kumanzere, kumanja. Palibe swichi ya pangodya. Kuti gemu iwerenge "pansi ndi kutsogolo", tiswichi tiwiri tiyenera kudinidwa nthawi imodzi. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa zolakwika zambiri za oyamba kumene zimachokera pamenepa.

Pansi penipeni pali geti, kapulasitiki kokhala ndi bowo limene limaika malire a kumene kandodo kangafike. JLF imabwera ndi geti ya ngodya zinayi. Anthu ambiri akagwira koyamba amadabwa: kandodo n'kozungulira, nanga bwanji kakumveka ngati kakuyenda m'bokosi? Ndiye amathamangira geti ya ngodya 8, imene Sanwa imaitcha GT-Y, kapena yozungulira. Maganizo anga ndi akuti musafulumire. Geti ya ngodya zinayi inasankhidwa dala, chifukwa imapereka malo aakulu ku mbali za pangodya, zimene zimafuna tiswichi tiwiri. Kutchinga utanyonyomala, komwe ndi pansi ndi kumbuyo, ndiko kumene wosewera amakhalitsa kwambiri mu Street Fighter, ndipo pa geti imeneyi kandodo kamangokhazikika pangodyapo. Ya ngodya 8 imathandiza kumva mbali iliyonse, inde, koma imachepetsa malo a pangodya ndipo imazoloweretsa munthu kukhuza kandodo m'mphepete nthawi zonse, zimene zimachedwetsa dzanja. Ngati patatha mwezi wathunthu mukuonabe kuti simukugwirizana nayo, sinthani. Imachotsedwa pongofinya timano tinayi, popanda chida chilichonse. Koma ipatseni mweziwo.

Seimitsu ndi kampani ina ya ku Japan. Kandodo kake ka LS-32 kapena LS-56 n'kolimbirako, ndipo kamafika pa swichi msanga. Okonda magemu owombera a ndege amakakonda, ndipo ena a magemu omenyana amene amaona kuti JLF ndi yofewa kwambiri amasamukira kumeneko. Hori imapanga kake kotchedwa Hayabusa, kofanana ndi JLF m'zambiri koma komasukirako.

Tindodo ta ku Korea, monga ta Crown, Myoungshin ndi Taeyoung, ndi nkhani ina. M'malo mwa sipuling'i timagwiritsa ntchito mphira yokhuthala, mutu wake ndi wautali ngati chibonga, ndipo timayenda mozungulira popanda ngodya. Mphirayo imabweza kandodo pakati mwachangu komanso mosanjenjemera, zimene n'zofunika mu Tekken, momwe mayendedwe ngati kubwerera m'mbuyo mobwerezabwereza kapena chibakera cha banja la Mishima chotchedwa Electric Wind God Fist amafuna kuti kandodo kadutse pakati penipeni asanapite kwina. Ngati gemu yanu ndi Tekken yokha, ganizirani zimenezi. Chenjezo ndi lakuti tindodo tambiri ta ku Korea timafuna bowo la mamilimita 35 komanso malo akuya mkati, pomwe bokosi lopangidwira JLF lili ndi bowo laling'ono. Pali mitundu ya khosi lalifupi yopangidwira mabokosi a ku Japan. Funsani zimenezi musanagule. Ndipo tisanamizane, anthu ambiri amasewera Tekken bwino kwambiri pa JLF wamba.

Mabatani a Sanwa OBSF-30 ndi ofewa moti kungowakhudza pang'ono adina kale. N'chifukwa chake woyamba kumene amene amagoneka zala pamwamba pake amatulutsa zibakera zimene sanafune. A Seimitsu, monga PS-14-G, amafuna mphamvu yochulukirapo pang'ono ndipo amakhululukira zala zolemera. Mabatani a Start ndi anzake nthawi zambiri amakhala a mamilimita 24. Pogula osinthira, dziwani kuti alipo amitundu iwiri: ongolowetsa n'kugwira ndi timano, oyenera pamwamba pachitsulo chopyapyala, ndi omanga ndi nati kunsi, oyenera thabwa kapena pulasitiki yokhuthala. Kandandalikidwe ka mabatani nakonso kamasiyana. Ka Vewlix, kochokera ku makina a Taito, kali ndi mzere wowongoka kupatula mabatani oyambirira amene amatsika pang'ono. Ka Noir, kochokera ku Namco, n'kokhota motsatira kutalika kwa zala. Konse n'kwabwino, ndipo manja amazolowera m'masiku ochepa.

Kunena za mayina mwachidule: Qanba Drone 2 ndi yoyambira yabwino ya PS5, ili ndi zida za Qanba zomwe mungadzasinthe. Qanba Obsidian 2, Nacon Daija ndi Victrix Pro FS zimabwera ndi zida za Sanwa kale. Mayflash F500 Elite nayo ili ndi Sanwa. Pakati pa stick yapakatikati ndi yodula kwambiri, kusiyana kumakhala pa bokosi, osati pa kandodo ndi mabatani, chifukwa JLF ya mu imodzi ndi yomweyo ya mu inzake.

Dzanja lamanzere

Palibe kagwiridwe kamodzi kolamulidwa. Ena amalowetsa mtengo wa kandodo pakati pa chala chapakati ndi cha mphete, kapena pakati pa cha mphete ndi chaching'ono, chikhatho chitayang'ana m'mwamba pang'ono ngati wanyamula tambula ya mwendo wautali. Ena amagwira kampira cham'mbali ndi chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati, m'mphepete mwa dzanja mutatsamira pa bokosi. Chimene muyenera kupewa ndi kufumbata kampira m'chikhatho chonse n'kumayendetsa ndi mkono wonse kuchokera paphewa. Mukatero mutopa msanga ndipo mupitirira malo. Dzanja litsamire, zala ndi mfundo ya dzanja zigwire ntchito. Pa JLF swichi imalira "tiki" kandodo kasanafike m'mphepete mwa geti. Mtunda wotsalawo ndi wongowonjezera. Zimitsani phokoso la gemu, yendetsani kandodo pang'onopang'ono mbali iliyonse, mumve pamene swichi ikulirira. Pamenepo ndi pamene gemu yamva kale.

Osewera amalemba mayendedwe ndi manambala, potengera mabatani a manambala a kumanja kwa kiyibodi ya kompyuta. Munthu wanu, amene mukumuyendetsa mu gemu, akayang'ana kumanja, 5 ndi pakati, 6 kutsogolo, 4 kumbuyo, 2 pansi, 8 m'mwamba, ndipo 1, 3, 7 ndi 9 ndi ngodya. Hadouken ndi 236 kenaka chibakera. Shoryuken, chibakera chokwera m'mwamba modumpha, ndi 623 kenaka chibakera.

Tsopano lowani mu training mode, malo oyesererapo mu gemu, n'kuyatsa chosonyeza zimene mukudina. Popanda ichi mukungoganizira. Chitani 236 kakhumi, muone zimene zikulembedwa m'mbali mwa sikirini.

Mukaona 2 ndi 3 kenaka batani, popanda 6, ndiye kuti mwaima pangodya. Ili ndilo vuto lofala kwambiri pa geti ya ngodya zinayi: kandodo kalowa pangodya, dzanja lamva ngati lafika, koma swichi ya pansi idakali yodinidwa. Kuti 6 ituluke, muyenera kusiya swichi ya pansi, kutanthauza kukweza kandodo pang'ono kuchoka pangodyapo. Mukaona 2369, mwakweza mopitirira mpaka swichi ya m'mwamba yadinidwa, ndipo munthu wanu wadumpha. Mukaona 26 popanda 3, mwadula njira kudutsa pakati. Ndipo ngati manambala onse alipo koma Hadouken sinatuluke, yang'anani pamene batani lagwera. Nthawi zambiri dzanja lamanja lafulumira, ladina 6 isanafike. Magemu amenewa amayenda pa ma frame, kapena kuti zithunzi, 60 pa sekondi, frame imodzi ndi mamilisekondi pafupifupi 16.7, choncho kufulumira pang'ono kumene inu simungakumve, gemu imakuona.

Shoryuken imaoneka yovuta koma pa geti imeneyi njosavuta kuposa Hadouken, chifukwa imathera pangodya pomwe kandodo kamakonda kukhala. Gundani kutsogolo pang'ono, tsikani pansi, tsetserekerani pangodya, dinani. Ngati mukufuna Hadouken koma mukutulutsa Shoryuken, chifukwa chake n'chakuti munali kuyenda kutsogolo musanayambe, ndiye gemu yawerenga 6236 n'kupezamo 623. Bwezani kandodo pakati kwa kanthawi musanayambe, kapena yambirani kumbuyo, 41236.

Kwa anthu a mu gemu ngati Guile, amene amafuna kusunga mbali imodzi kwa kanthawi kosakwana sekondi asanaponye, khalani pa 1. Ngodya imeneyi imasunga kumbuyo ndi pansi nthawi imodzi, ndiye Sonic Boom ndi Flash Kick zonse zimakhala zokonzeka. Kugwira mdani kwa Zangief, kumene kumafuna kuzunguza kandodo, sikufuna kuti mumalize bwalo lonse. Kuyambira 6 kudutsa 3, 2, 1, 4 mpaka 7 kumakwana, bola mudine chibakera mapazi ake asanachoke pansi.

Chilichonse muchichite mbali zonse ziwiri. Kukankha kandodo ndi kukakoka zimagwiritsa ntchito minofu yosiyana, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi mbali imene imamuvuta. Njira yosavuta ndi iyi: kakhumi motsatizana osalakwitsa kumanzere, kakhumi kumanja, mukalakwitsa yambiraninso kuwerenga. Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindulitsa kuposa maola atatu kamodzi pa sabata. Chimene chimabweza anthu m'mbuyo kwambiri ndi kubwerera ku pad nthawi iliyonse akayamba kugonja. Manja samaliza kuphunzira.

Dzanja lamanja lili ndi nkhani yochepa. Mu Street Fighter, mzere wapamwamba ndi zibakera zitatu, chopepuka, chapakati ndi champhamvu, ndipo wapansi ndi mateche atatu. Chala cha mkombaphala, chapakati ndi cha mphete zikhale chilichonse pa mzere wake wotsika, ndipo chachikulu chithandize pa teche lopepuka pogwira mdani, pamene mabatani awiri adinidwa pamodzi. Tekken imafuna anayi okha, mkono uliwonse ndi mwendo uliwonse batani lake. Musamasake mabatani ndi chala chimodzi, ndipo musamamenye. Zala ziyandame pamwamba pang'ono.

Musanadandaule kuti stick ikuchedwa, onani TV. Ma TV ambiri amakonza chithunzi asanachionetse, ndipo izi zimawonjezera ma frame angapo. Yatsani Game Mode. Onaninso kaswichi kolembedwa DP, LS, RS ngati kalipo, kamene kamasankha kuti kandodo kaimire mivi ya pad (DP), kandodo ka pad kakumanzere (LS) kapena kakumanja (RS). Pa magemu omenyana kakhale pa DP. Kakasunthira pa RS, mabatani amagwira koma munthu wanu sayenda, ndipo ambiri amaganiza kuti kandodo kafa.

Zikayamba kuvuta

Kampira kakamamasuka, kupotokola ndi dzanja sikuthandiza chifukwa mtengo wonse umazungulira nawo. Tsegulani bokosi, lowetsani screwdriver yafulati pa mng'alu umene uli kunsi kwa mtengowo kuti usazungulire, kenaka mangani kampira.

Kandodo kakayamba kulira kapena kumveka ngati muli mchenga, girizi wa pa kambale kopendekekerapo wauma kapena wadzaza fumbi. Chotsani geti, kenaka kachitsulo kooneka ngati chilembo E kamene kamagwira zonse kunsi kwa mtengo. Phimbani ndi dzanja pochotsa, chifukwa sipuling'i imakaponya kutali ndipo n'kakang'ono. Tulutsani actuator, sipuling'i ndi mtengo, pukutani, pakani girizi wa silicone pang'ono chabe, monga Shin-Etsu G-501. Musathire WD-40 kapena mafuta a galimoto. Amachotsa girizi woyenera ndipo ena amawononga pulasitiki. Pobwezeretsa, onetsetsani kuti actuator yayang'ana momwe inalili, mbali yonenepa ku tiswichi. N'kwanzeru kujambula chithunzi musanamasule.

Batani likasiya kugwira, musafulumire kuliweruza. Lili ndi mawaya awiri ovala pa timano ta mamilimita 2.8, ndipo kawirikawiri limodzi langovuka. Ngati onse ali m'malo, sinthanitsani mawayawo ndi a batani loyandikana nalo. Vuto likatsalira pa batani lomwelo, batanilo lafa, gulani lina. Likasamukira kwina, vuto ndi waya kapena bolodi. Povula waya, gwirani kachitsulo kakumapeto n'kugwedeza pang'onopang'ono, osakoka waya weniweniwo. Mabatani angapo akafa nthawi imodzi, yang'anani waya wa ground, wobwezera magetsi, umene m'mabokosi ena umadumpha kuchoka batani lina kupita lina; ukaduka pamodzi, onse akutsogolo kwake amazima. Batani lomata chifukwa cha thukuta kapena chakumwa limatsukika: litulutseni pofinya timano take tiwiri kuchokera mkati, chotsani chapamwamba chake, pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, liume. Timanoti timathyoka msanga pa mabatani akale, ndiye finyani mofatsa.

Mukasintha kandodo n'kupeza kuti m'mwamba mwasanduka kumanzere, kapena mbali zina sizikugwira, palibe chimene chapsa. JLF imalumikizidwa ndi pulagi ya mano asanu, anayi a mbali ndi limodzi la ground, ndipo mwina mwaivala chadodolido kapena kabolodi ka tiswichi kayang'ana kolakwika. Tembenuzani. Onaninso kutalika: kuchokera pamwamba pa bokosi kufika kunsi kwa kampira pazikhala mamilimita 23 kapena 24, monga m'makina a ku Japan.

Pali vuto lina limene anthu amadzipangira okha. Akaika mutu wolemera wachitsulo pa sipuling'i wamba ya JLF, kandodo kakasiyidwa kamabwerera mwamphamvu n'kugunda swichi ya mbali inayo. Mankhwala ake ndi sipuling'i yolimbirako, monga yolembedwa 2 lb. Actuator yokulirapo ndi milimita imodzi imafupikitsa mtunda wofika pa swichi, koma imachepetsanso malo a pakati, ndiye dzanja losakhazikika limayamba kudumpha mosafuna. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, museweretse sabata, kuti mudziwe chimene chasintha.

Chingwe ndicho chimafa msanga pa ma stick ambiri, makamaka pamene chimalowera m'bokosi, chifukwa chokulungidwa mothina kapena kupanidwa ndi kachitseko ka malo ake osungira. Stick ya chingwe chovula ili ndi mwayi pamenepa. Bolodi ikafa kapena mukasintha makina, bokosi ndi zida zake sizitayidwa: Brook imapanga mabolodi ogwira pa makina osiyanasiyana, ndipo pa kompyuta pali GP2040-CE, pulogalamu yaulere yoikidwa pa kabolodi ka Raspberry Pi Pico.

Ena afunsa za zipangizo zopanda kandodo, monga Hit Box, zimene mbali zinayi zonse ndi mabatani. N'zachangu pa zinthu zina, makamaka kudina kutsogolo kawiri kuti munthu athamange ndi kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo, koma zimafuna kuphunzira kwina, ndipo zili ndi malamulo ake. Popeza munthu angathe kudina mbali ziwiri zotsutsana nthawi imodzi, Capcom inalamula mu 2023 kuti pa mipikisano yake, m'mwamba ndi pansi zikadinidwa pamodzi chipangizo chiziwerenga ngati palibe chadinidwa, monganso kumanzere ndi kumanja. Wogula choterocho aonetsetse kuti bolodi yake imalola kusintha zimenezi.

Pa mpikisano, kaya mwabwera ndi kandodo kapena mabatani okhaokha, nyamulani chingwe chapadera ngati chanu n'chovula, yatsani loko wa mabatani a Start ndi Home chifukwa kuimitsa gemu mwangozi kumaluzitsa raundi m'malamulo a mipikisano yambiri, zimitsani turbo, imene imabwereza yokha kudina batani, ndipo musanayambe kumenyana dinani batani lililonse kamodzi kuti muone ngati amene anasewera inu musanakhale sanasinthe kandandalikidwe kake.